Belu la Apongozi m'Galimoto ya Elliam

Aliyense amene anapalasapo njinga pakati pa Machinga Boma ndi ku Mposa amamudziwa Elliam Namakhwa. Ndi uja wamfupi, wa mapewa otambalala, amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndipo sipanala ya nambala teni sichoka m'thumba lake lakumbuyo ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Anabadwira kufupi ndi Ntaja, m'banja la Alomwe limene agogo ake anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Mozambique. Sukulu inamukana ali Fomu 2, koma njinga zinamulola. Ntchitoyi anaiphunzirira pa njinga za akabaza a pa Ntaja, anthu oti akakubweretsera njinga amakuimirira pamutu chifukwa kasitomala akudikira, n'chifukwa chake mpaka lero manja a Elliam sadziwa kuchedwa.

Atakwatira Ida wa ku Mposa anapita chikamwini, n'kumanga nyumba yake pafupi ndi ya apongozi ake aakazi, mayi Sabina. Mayiwa anali a mwambo weniweni. Kwa iwo mkamwini ndi apongozi sayang'anizana nkhope, sakhalira mphasa imodzi, salankhulana maso ndi maso. Akakumana m'njira, mayi Sabina ankapatukira m'munda, Elliam n'kutembenukira kumbali ngati waona chodabwitsa mumtengo. Zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho. Elliam ankawadziwa apongozi ake ndi mawu, ndi chifuwa chawo cha m'mawa, ndi zidendene zawo akamadutsa. Musaganize kuti panali chidani, iyayi. Mpunga woyamba kupuntha mayi Sabina ankautumiza kwa mkamwini wawo kudzera mwa Ida, ndipo denga lawo likadontha ankapita kudimba dala kuti iye alikonze momasuka.

Kenako maso a mayi Sabina anayamba kuchita ng'ala. Linayamba lakumanzere, lakumanja n'kutsatira, mpaka anasiya kupita okha kudimba. Tsiku lina mchimwene wake wa Ida anawakweza panjinga kuti akawaone achipatala, koma pamchenga wa pamtsinje njinga inapendama, mayi aja n'kugwa n'kuvulala m'chiuno. Atadzuka analumbira kuti chinthu cha matayala awiri sadzakweranso, bola afe ndi mdima wawowo. Minibasi sifika kumudziko. Nkhaniyi inamuwawa kwambiri Elliam, chifukwa njinga imeneyo anaikonza yekha dzulo lake. Palibe anamuloza chala, koma iye anadziloza yekha, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anauza mkazi wake kuti agula galimoto.

Ida anaseka mpaka kutsamira chitseko. Koma Elliam akanena chinthu amachigwira ngati nati yadzimbiri. Analima mpunga zaka zinayi osagula ngakhale malaya atsopano, ndipo laisensi anaitenga chaka chathunthu galimoto isanaoneke, n'kumaitulutsa pamsika kuonetsa akabaza amene sanamufunse n'komwe.

Galimotoyo anakaipeza ku Balaka kwa a Walter, mphunzitsi wopuma amene miyendo inali itayamba kumuvuta. Kanali kagalimoto kakang'ono ka zitseko ziwiri, kachikasu kofwifwa, kachikulire kuposa ukwati wa Elliam. Chitseko chakumanzere chinkafuna kuchinyengerera, wailesi inkagwira siteshoni imodzi yokha. Koma injini itangolira, Elliam anadziwa kuti kagalimoto kake ndi komweka. Anayenda nako kuchokera ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukwera mtunda wa ku Machinga, akuimba nyimbo zonse za kwaya zimene ankazidziwa. Polowa m'mudzi analiza hutala kuyambira pamjigo mpaka pakhomo. Amayi a m'mudzimo anaimba nthungululu, nkhuku zinabalalika, ndipo Ida amene anaseka uja anavina mozungulira galimoto chitenje chili m'manja.

Apa ndiye panayambira maphunziro, chifukwa Elliam ankaiona galimoto ngati njinga yonenepa basi. Matayala ankawayeza ndi chala chachikulu. M'mawa wina anatha maola awiri akupopa tayala ndi pampu ya njinga, thukuta lili kamukamu, tayala osasintha nkhope. Chilichonse cholira ankachidonthezera oyilo, ndipo anatsala pang'ono kudonthezera mabuleki. Paipi ya utsi itayamba kugwedera anaimanga ndi malegeni monga amangira thumba la makala pakaliyala, ndipo asanafike pamjigo mudzi wonse unanunkha mphira yopserera.

Sabata yachitatu mwala wa mumsewu wa ku Mposa unaboola pansi pa injini, oyilo n'kutayika yense. Anachita kukaitana Che Usumani, mnzake wakalekale wa pa Ntaja, wowotcherera zitsulo amene amadziwanso za injini. Che Usumani anagona pansi pa galimoto, anatuluka akupukusa mutu.

"Achimwene, iyi si njinga," anatero Che Usumani. "Njinga ikadwala imakuuzani pomwepo. Iyi imabisa matenda, imadzanena mochedwa. M'mawa uliwonse muziyang'ana oyilo, muziyang'ana madzi, musanaganize n'komwe za tiyi."

"Nanga miyalayi ndiichite bwanji? Ndisese msewu wonse?"

"Iyayi, tikakweze. Kagalimotoka anakapangira m'tauni. Tikaphunzitse kuyenda kumudzi."

Anakakwezadi. Che Usumani anaika zitsulo pamwamba pa masipuling'i, anawotcherera chitsulo chochindikala pansi pa injini kuti miyala izigunda pamenepo, ndipo padenga anamangapo kaliyala. Elliam anapeza matayala okulirapo pang'ono. Kagalimoto kanaima njo, ngati mwana wavala nsapato za bambo ake, koma m'makwawa a ku Mposa kanayamba kudutsa osakhudza pansi. Makoswe nawonso anampatsa phunziro lawo. Ankakaimika pafupi ndi nkhokwe ya mpunga, ndipo tsiku lina kanakana kulira chifukwa mawaya anali atadyedwa. Anakamangira kashedi kakekake kutali ndi nkhokwe, mphaka wa pakhomo n'kupatsidwa ntchito ya ulonda. Pofika miyezi isanu Elliam ankatha kusintha oyilo yekha, kutsuka mapulagi, ndi kumva ndi khutu lokha kuti lero injini yadzuka bwino kapena ayi.

Lamulungu lina, mpunga utayamba kucha, analengeza kutchalitchi kuti madokotala a maso abwera ku Balaka kudzachotsa ng'ala, ndipo akhalako masiku atatu okha kuyambira Lachitatu la sabata yachiwiri. Elliam sanamvenso ulaliki. Tsiku limene analilimira zaka zinayi linali litafika. Atangofika kunyumba anatsuka galimoto mpaka m'matayala, kenako anatuma Ida kuti akawauze amayi ake kuti akonzeke.

Ida sanachedwe. Anabwerako akuyenda pang'onopang'ono, ndipo anakhala pakhonde osamuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Chrissie, amayi akana."

"Akana chiyani? Madokotala?"

"Madokotala akuwafuna. Akana galimoto. Akuti kagalimoto kanuka n'kochepa kuposa bafa, iwo angakhale bwanji mmenemo mawondo awo akugunda msana wa mkamwini? Ndiye amva kuti muli kagalasi kamene woyendetsa amaonera anthu akumbuyo. Akuti iwo saona, koma inu mumaona."

Elliam anakhala pansi pafupi ndi galimoto yake yotsukayo. Anaganizira miyala, anaganizira makoswe, anaganizira matope a mwezi wa Febuluwale, koma za apongozi enieniwo, amene anagulira galimotoyo, sanaziganizire. M'mudzi monse munalibe wina wa laisensi. Che Usumani amakonza injini koma pamsewu wa tala sanayendetsepo. Ndipo tinene zoona, ngakhale akanapezeka dalaivala wina, mtima wa Elliam ukanasweka. Iye ndi amene anakonza njinga imene inawagwetsa mayi aja, ndipo ankafuna kuti akhale iyeyo wowafikitsa kwa dokotala. Masiku awiri sanadye bwino. Pamsika anabwezera tcheni cha njinga ya munthu chozondoka, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Nzeru inamubwerera Lachitatu masana akumangirira belu panjinga ya mkabaza. Analiza kuti aliyese, ngriii, ndipo anaimirira njinga n'kugwa.

"Amwene, mwatani?" anafunsa mkabaza uja.

"Apongozi!" anayankha Elliam, n'kuyamba kulongedza zida dzuwa lili pamutu.

Masiku anayi otsatirawo sanaoneke pamsika. Kagalasi kam'kati anakamasula, anakakulunga m'kansalu n'kukaika m'kabokosi ka kutsogolo. Kuti azionabe zakumbuyo, anagula kagalasi ka njinga yamoto n'kukamangirira kuchitseko chakumanzere, kumene kunalibe galasi chigulireni. Kenako anakoka waya wa mabuleki a njinga kuchokera kukhoma lina la galimoto kukafika kulina, kumbuyo kwa mipando yakutsogolo, n'kuukunga mpaka kumalira akaukhudza. Anapinda masipoko akale kupanga timphete. Ida anasoka zitenje ziwiri pamodzi kuti zisaonekere, ndipo katani inapachikidwa kuchokera kudenga mpaka pansi. Kumbuyo kwa mpando wake anaikako thabwa lopyapyala kuti mawondo a munthu asamveke kumsana. Pomaliza anatenga belu latsopano, lonyezimira, n'kulimangirira pa chogwirira cha mpando wakumbuyo, pamene dzanja la munthu wokhala limafika mosavuta.

Uthenga unapita kudzera mwa Ida monga mwa nthawi zonse. Kuliza kamodzi ndiye kuti imani. Kawiri, chepetsani liwiro. Katatu, zonse zili bwino. Apongozi sadzafunika kulankhula ndi mkamwini ngakhale liwu limodzi.

Mayi Sabina anati akufuna akaone okha, ndipo kuona kwawo kunali kwa manja. Elliam anakabisala kuseri kwa nkhokwe. Ida anawagwira dzanja amayi ake, anapinda mpando wakutsogolo n'kuwalowetsa. Mayi Sabina anapapasa katani kuyambira kumwamba mpaka pansi, anaikoka kuti aone ngati ingagwe, anagogoda thabwa lija. Dzanja lawo linafika pa chogwirira chija. Kenako belu linalira. Ngriii. Ngriii. Ngriii. Munthu wamkulu wa ana atatu analumpha kuseri kwa nkhokwe ngati timu yake yagoletsa, ndipo anagunda mutu kudenga la nkhokweyo.

Lachitatu la madokotala lija ananyamuka dzuwa likutuluka. Elliam anayang'ana oyilo kawiri, madzi kawiri, anaika chigubu cha madzi ena kubuti, kenako anakaima kuseri kwa nkhokwe mpaka Ida anamuitana kuti amayi alowa ndipo katani yatsekedwa. Ida anakhala kumbuyo ndi amayi ake. Asanafike n'komwe pamjigo belu linalira kawiri. Anachepetsa. Linaliranso kawiri. Anachepetsanso, mpaka mayi wina wosenza nkhuni anayenda nawo limodzi kwa kanthawi akucheza ndi Ida pawindo. Koma atakwera tala pa Machinga Boma, galimoto n'kuyamba kuyenda myaa, kuseri kwa katani kunamveka kuseka, ndipo belu linalira katatu. Elliam anamwetulira yekha mpaka masaya kuwawa.

Pa rodibuloko ya pa Liwonde wapolisi wamkazi anawaimitsa. Anaona laisensi, anaona mapepala, kenako anasuzumira m'kati.

"Bambo, katani iyi ndi yachiyani? Mwabisa chiyani kumbuyoku?"

"Muli apongozi anga, bwana," anayankha Elliam motsitsa mawu. "Tikupita nawo ku maso ku Balaka."

Wapolisi uja anazungulira, anasuzumira pawindo lakumbuyo n'kuwapatsa moni mayi Sabina mwaulemu. Anayang'ana magalasi a m'mbali onse awiri, analigwedeza la njinga yamoto lija kuti aone ngati lalimba. Atabwerera kwa Elliam anali akulimbana ndi chiseko.

"Kwathu ku Phalombe mayi anga ndi bambo a kunyumba kwanga amathawana chonchi," anatero. "Koma za belu sindinazionepo. Pitani bwino, musawachedwetse amayi."

Ku Balaka anapeza mzere wautali wa agogo ogwidwa manja. Mayi Sabina analembedwa, anapimidwa, ndipo masana omwewo anawachotsa ng'ala ya diso lakumanja, n'kuwauza kuti lakumanzere adzalichita ulendo wina. Anawamata diso n'kuwagoneka kuti thonje adzalichotse mawa lake. Elliam anakagona kwa a Walter, amene anazungulira galimoto yawo yakale katatu osaizindikira bwinobwino. M'mawa anakaimika galimoto pachipata cha chipatala, n'kukaima patali atatembenukira kumpanda. Ida anabwera akuthamanga, misozi ili mbwembwembwe.

"Akuona, bambo a Chrissie! Awerenga zala za adokotala! Andiuza kuti ndakalamba!"

Elliam anafuna kufuula, anafuna kuthamangira komweko, koma mwambo ndi mwambo. Anangogwira mpanda ndi manja onse awiri n'kunena kuti zikomo Ambuye, mobwerezabwereza, mpaka Ida anamuuza kuti amayi alowa m'galimoto.

Ulendo wobwerera unali waphokoso. Kuseri kwa katani mayi Sabina ankatchula chilichonse chimene chadutsa pawindo: mbuzi, thumba la makala, mwana wa yunifolomu yobiriwira, madzi a Shire amene anali asanawaone zaka zisanu ndi chimodzi. Belu linkangolira katatu katatu popanda chifukwa. Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, anafika pamtunda pamene dambo lonse la ku Mposa limaonekera, mpunga uli chikasu mpaka kumene maso alekezera. Pamenepo belu linalira kamodzi.

Elliam anaponda buleki n'kuima pambali. Anadikira kuti amve Ida akunena kuti amayi akufuna kutsika. M'malo mwake anamva timphete ta masipoko tikuyenda pawaya. Katani inatseguka. Iye anagwetsa nkhope pachiwongolero msangamsanga.

"Bambo," anatero mawu amene kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu ankangowamvera kuseri kwa khoma. "Ndikulankhula ndi inu, osati ndi Ida."

"Wawa, mayi," anayankha Elliam.

"Pamene ndinali ndi maso sindinakuyang'aneni, chifukwa ndi mmene anatilerera. Kenako maso anapita, ndipo ndinkati ndidzafa osadziwa nkhope ya munthu amene amandifolerera nyumba. Lero diso labwerera limodzi. Sindidziwa kuti likhala zaka zingati, ndiye sindidikiranso. Nkhuku ya mwambo tikaphera kunyumba, anthu akadziwe kuti ndakumasulani ndine. Koma panopa tembenukani."

Elliam anadzutsa nkhope pachiwongolero. Munthu amene ankamasula nati iliyonse pa Machinga analephera kutembenuza mutu wake womwe. Anayesa, anafika theka, n'kubwerera. Ida anayamba kuseka uku akulira.

"Chabwino," anatero mayi Sabina. "Ida akuti munachotsa kagalasi chifukwa cha ine. Kabwezereni."

Elliam anatsegula kabokosi, anamasula kansalu kaja, anatulutsa sipanala yake m'thumba lakumbuyo. Nati imene anaimasula m'kanthawi kochepa inamugwa kawiri, ndipo anachita kuifunafuna pansi pa mpando. Atamaliza kumanga anakagwira kagalasi kaja n'kukapendeketsa pang'onopang'ono. Munaoneka denga, kenako duku lofiira, kenako nkhope yaing'ono yamakwinya, diso limodzi lotuwa, linalo lonyowa ndi lowala, likumuyang'ana iyeyo.

Anayang'anana nthawi yaitali. Elliam analira osabisa, ndipo sanachite nazo manyazi.

"Ndiye ndinu amenewa," anatero mayi Sabina. "Ida anandiuza kuti ndinu wamtali."

"Ananama, mayi."

"Ananamadi. Koma sanasankhe molakwa. Tiyeni, mwana wanga, tizipita kwathu."

Elliam anapukuta maso ndi mkono, analiza injini, ndipo kwa nthawi yoyamba chigulireni galimoto inamuzimira pochoka. Analizanso. Kumbuyo belu linalira katatu.